Kumanga Mvula Kwatiimitsira Masewera

Achimwene,

Monire. Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Zolozolo tilipo, amayi mwendo uja wasiya kuwawa.

Masewera a madayisi munatisiyira aja, oti aliyense amakhala munthu wa m'nthano, aima. M'kope la malamulo munagawa matsenga pawiri, oteteza ndi owononga. Loweruka Tiwonge anafuna kuti sing'anga wake wa m'masewerawo amange mvula, gulu lathu liwoloke mtsinje. Iye akuti n'zoteteza, ngati pa ukwati. Gomezgani anakana: "Kwathu womanga mvula amaumitsa chimanga cha anthu. Ameneyo ndi mfiti." Tinakangana osaponyako dayisi, mpaka Gomezgani ananyamuka osatsanzika.

Ndatopa nazo chomene. Kope munalemba ndinu, chonde gamulani. Musandiyankhe kuti onse akunena zoona, chifukwa mtsinje uja tikadali tsidya lino.

Mulungu akusungeni.

Mng'ono wanu,
Wongani