Nsagwada ya bambo a Takondwa

Mchinji Boda
14 Juni 2003

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana? Nanga amayi miyendo ija yasiya kutupa? Kuno thupi lili bwino, koma mtima wanga suli m'malo.

Lolemba lapitali bambo a Takondwa adayasamula ali kuntchito paboda, pakamwa osatsekekanso. Anzawo adabwera nawo malovu ali chuchuchu, mawu osamveka. Ena ankati alodzedwa, koma ine ndidathamanga nawo kuchipatala.

Dokotala adawagwira kutsogolo kwa makutu, nati nsagwada yachoka m'malo mwake. Adawabaya jekeseni, nakulunga zala zake zazikulu ndi nsalu, n'kuzilowetsa m'kamwa. Adakanikiza mano akumapeto pansi, kenako n'kukankhira kumbuyo. Posakhalitsa pakamwa padatsekeka.

Dokotalayo, achemwali, ndi mkazi. Ndi Esnart wa ku Guilleme, mwana wa amalume awo. Powamanga bandeji ankangowatchula kuti amuna ake, ine ndili chilili pomwepo nditanyamula jekete lawo. Nditafunsa, akuti n'chisuweni chabe. Chisuweni nanenso ndimachidziwa, koma chosisitana masaya chotere sindidachionepo.

Adawalangiza kuti azidya zofewa, asamatsegule pakamwa kwambiri, ndipo poyasamula azigwira chibwano. Tsopano kunyumba kuno sandiyankhula, akuti dokotala adaletsa. Phala langa akuti ndi lolimba. Dzulo adati akupita kukaonetsa nsagwada, ine n'kuwatsatira. Ndidawapeza pakhonde la chipatala akumwa phala la m'fulasiki ya Esnart, akuseka chikhakhali, pakamwa yasa, chibwano osachigwira n'komwe.

Sindibisa, nsanje yandigwira. Mnzangayo ndi wophunzira, ali pantchito, ndiponso sali pabanja. Ine wogulitsa tomato ndingapikisane naye bwanji? Apongozi adanena kale ine ndikumva kuti mwana wawo akadakwatira msuweni wake sakadavutika.

Pempho langa ndi limodzi. Mukawauze amalume, ankhoswe anga, abwere sabata yamawa isanathe. Akuti Esnart afika Loweruka likubwerali kudzakhala nafe mpaka odwala achire, ndipo ine andiuza ndisese chipinda. Amalume akachedwa, mudzangondiona ndikutulukira kumeneko, Takondwa ali kumsana. Amayi musawauze kaye.

Mundiperekere moni kwa amayi, azakhali, alamu ndi ana onse.

Ndine mng'ono wanu wosowa mtendere,
Tabeth