Suti ya Paukwati Yandikwananso

Make Tikondwe,

Suti ya paukwati wathu ija yandikwananso! Batani latsekeka osakoka mimba, ndipo mapazi otupa aja alowa mu nsapato bwinobwino. Munkanena zoona kuti chisoso, mapapaya ndi madzi a mandimu zitsuka m'thupimu, ine n'kumangonyinyirika ngati mwana.

Koma pepani, povina ndi chimwemwe ndagwetsa lichero la chammwamba chimene munayanika pakhonde, mbuzi n'kudyapo theka. Chotsalacho chili padenga la khola, muchilowetse mvula isanagwe.

Ndathamangira ku Bowe ku ukwati wa mwana wa a Felton, anthu akadzionere okha. Musadandaule, zakumwa za shuga ndi nyama yamafuta sindikakhudza. Akakandifunsa kuti dokotala wanga ndani, ndikatchula inu.

Wanu wopepukidwa,
Elifala