Chala cha Apongozi pa Tsaya Langa

Lachinayi. Tsiku lonyansa.

Mtsempha wa tsaya lakumanzere wandibayanso ngati waya wamagetsi. Poti mapilitsi akuchipatala akanika, mkazi wanga wandikokera ku Kamwendo kwa amayi ake, ati ndi akatswiri okanikiza mitsempha. Apongozi omwe ndimawapatukira panjira, lero andigwira nkhope! Chala chachikulu kuseri kwa khutu, kenako pansi pa diso, ngati akudinda belo la fodya.

"Mukumva bwanji, bambo a Tadala?"

Mkamwini satukwana. Ndati, "Zikomo, amayi," misozi ili chuchuchu.

"Mwaona? Akuthokoza. Mubwerenso mawa," atero apongozi akuyang'ana mkazi wanga.

Loweruka ndikuyenera kulankhula pa chinkhoswe cha mlongo wanga, koma chibwano chikukana kutseguka. Mawa ndikanena zoona, ndanyoza apongozi. Ndikathokozanso, chala chija...