Chithunzi cha Ababa Musatumize

Hull, ku Mangalande
Lachitatu, 15 Novembala 2006

Okondedwa achemwali anga a Modester,

Ndakhala pansi 2 koloko masana, koma kunjaku kwayamba kale kuda. Dzuwa lakuno limagwira ganyu ya theka la tsiku. Mundikhululukire zilembo zokhotazi, mukudziwa kuti sukulu ndinaithawa ndisanaimve kukoma. Kaya inu muli bwanji ku Jali ndi miyendo yanu ija? Ine thupi lili bwino, chimene chikudwala ndi mtima.

Nkhani ndi ya Jerome, mwana woyamba wa Edwina wangayu. Ntchito yonyamula makatoni ija wasiya, akuti akufuna usilikali wa azungu. Mwezi wamawa akukalumbira. Anzake amene analumbira chaka chatha ali ku Iraki, ndipo ena timawaona pa TV akutsika ndege ali m'bokosi lokutidwa mbendera. Mayi wake akachoka ku chipatala kumene amagwira unamwino amangolowa m'bafa n'kutsegula madzi kuti tisamve kulira. Ndinamufunsa mnyamatayo kuti, “Atsibweni ako a Wilfred wawauza?” Akuti kuno munthu akakula safunsa atsibweni. Ndinati, “Wakula iwe? Masokosi ako amachapa ndani?”

Loweruka ananditenga pa basi kukaona nyumba yosungiramo zinthu zakale. Ati, “Gogo, tiyeni mukaone, mwina mumvetsa.” Chichewa chake chimatha msanga ngati mchere wopempha, kenako amayamba kulubwalubwa Chizungu. M'khoma monse munali zithunzi za nkhondo: akasinja, mizinga, malole odzaza anyamata akumwetulira. Iye dzina la mfuti iliyonse akulidziwa, munthu amene sadziwa dzina la mudzi wa amake.

Kenako anandiimika pa chithunzi cha galimoto ya positi ya ku Amereka, yakalekale. Achemwali, chigalimoto chokutidwa zitsulo thupi lonse ngati kamba, mazenera ake timabowo tongotulukira mlomo wa mfuti, pambali pataima amuna awiri mifuti ili m'manja. Ndinaseka mpaka mzungu wolondera anatembenuka. Ndinati, “Makalata okhaokha mpaka kuperekezedwa ndi mfuti? Muli miseche ya mtundu wanji m'menemo?” Jerome akuti zinali zoopsezera mbava. Kenako anati, “Mwaona gogo, chipolopolo sichilowa umu. Inenso ndizikayenda m'galimoto yotere, palibe chingandichitikire.”

Apo kuseka kunandithera. Chimene chinaononga ababa athu chinaboola chitsulo chanji? Si anabwera kuchokera ku nkhondo ya ku Bama opanda ndi bala lomwe?

Mukuikumbukira lole ya positi yochokera ku Zomba, imene inkaphulika utsi pokwera kamtunda ka kwathu? Ikangoti phu! ababa ankataya khasu n'kukwawira pansi pa nkhokwe, akukuwa mayina a anthu amene sitinawaonepo. Inu mwendo uwu, ine mwendo uwo, kuwakoka msanga anthu asanaone kuti kabudula wanyowa. Mukukumbukiranso chingwe chimene amayi ankawamanga nacho m'mwendo chaka chawo chomaliza, kuti asathawire ku dambo. Amayi anatilumbiritsa kuti za m'nyumba sizituluka, ndipo ife tinamvera. Ana athu amangodziwa chithunzi chili pakhoma panucho: ababa ataima pambali pa galimoto yankhondo, chipewa chopinda mbali imodzi, mfuti paphewa, msilikali weniweni wa Keyala, gulu lankhondo la mfumu ya azungu lija.

Chithunzi chimenecho ndi chimene Jerome akuchifuna. Mwezi uno anthu kuno avala timaluwa tofiira tapepala pokumbukira asilikali awo, ndiye mayi wina woyandikana nafe ankanyadira agogo ake ngati nkhondo anaimenya okha. Pakamwa pangapa mukupadziwa. Ndinamuyankha kudzera mwa Jerome kuti nafenso athu anamenya nkhondo ya mfumu yanu yomweyo, chithunzi chilipo. Kuchokera tsiku limenelo mwana sakundipatsa mpata. Akuti akachiike m'thumba la pachifuwa, agogo aakulu azikamuyang'anira.

M'basi pobwerera ndinafuna kumuuza zonse. Ine amene ndinatukwanapo mkulu wa mpingo pamaliro, ndinangoti, “Agogo ako aakuluwo ankadana ndi phokoso.” Iye anaseka n'kundikonza mpango m'khosi.

Dzulo anandionetsa mmene ndizidzamulembera akapita. Palibe mudzi, palibe msewu, zilembo zinayi ndi manambala basi. Akuti imeneyo ndiyo keyala ya asilikali. Ndinati keyala ya Keyala ndikuidziwa ine. Amayi ankapita nayo kwa aphunzitsi kuti awalembere pa envulopu, ndipo munthu amene ankamulemberayo si amene anabwera.

Tsono pempho langa ndi ili. Chithunzicho musatumize. Akakuimbirani, munene kuti chinadyedwa ndi chiswe, tchimolo ndisenza ine. Chachiwiri, lumbiro lija tinalumbira awiri, sindingalimasule ndekha. Inu ndinu aakulu. Mukandilola, ndimukhazika pansi mwanayu n'kumuuza za nkhokwe ndi za chingwe, ngakhale andione ngati ndikunyoza akufa. Amayi akakwiya kumene aliko, ndikakambirana nawo ndikafika, si kutali.

Kalatayi akukaponya ndi Jerome yemweyo. Wagula sitampa ndi manja ake, akuganiza kuti ndikupempha chithunzi. Panopa waima pakhomo atavala jekete, akuti, “Gogo fulumirani, positi atseka.” Kuwerenga Chichewa sadziwa, ndipo lero lokha ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha umbuli umenewo.

Mupereke moni kwa Asimenye ndi ana ake, ndi onse a ku tchalitchi. Mukapita kumanda kukalambula, ababa muwauze kuti chidzukulu chawo chili ndi mapewa ngati awo, ndipo chimayenda ngati iwo asanapite kunkhondo.

Mukamaliza kuwerenga musaiike m'Baibulo ngati zinzake zija. Mutume mwana akapereke m'manja mwa Wilfred ku Zomba, awerenge yekha, adziwe agogo ake, kenako aimbe foni kuno ngati mwinimbumba mwezi usanathe. Akachita manyazi ndi nkhaniyi, mumuuze kuti manyazi tinasenza ndife, iye angosenza foni.

Ndine mng'ono wanu,
Ellen