Agulugufe a pa Maungu

Kaphuka, Dedza

Okondedwa achemwali anga a Marita,

Ndikhulupirira muli bwino ku Mzuzuko, inu ndi alamu anga a Benedict ndi ana onse. Kodi miyendo ija inasiya kutupa? Kuno tilipo, kungoti chisanu chachita kunyanya chaka chino. Kachewere ndakumba, wachitako bwino.

Musandiseke, ndayamba kuphunzira kujambula ana kumaso. Pa chikondwerero cha ana ku parishi kunabwera mtsikana wina wa ku Lilongwe, ankawapaka utoto n'kuwasandutsa agulugufe. Ine ndinangoti kakasi pambali pake mpaka anandimvera chisoni. Pochoka anandisiyira utoto wotsala, kasiponji ndi timaburashi tiwiri. Anati thupi la gulugufe limakhala pamphuno, mapiko akuluakulu amakwera pachipumi, ang'onoang'ono amatsikira m'masaya, ndipo mbali ziwirizo zizifanana.

Kufananako ndiye nkhondo. Phiko lakumanja limatuluka la gulugufe ndithu, koma lakumanzere limangokhala ngati la mleme wonyowa ndi mvula.

Chandisowa ndi nkhope yophunzirirapo. Anthu akwathu kuno mukuwadziwa. Ndinaitana ana a kwa a Rafaelo, mayi awo anabwera kudzawakoka pamkono, akuti banja lawo ndi lachikhristu, zodzola utoto kumaso ndi za kudambwe. Ndinawakumbutsa kuti zimenezi zinachitikira pabwalo la tchalitchi, abambo mfumu akuona. Anangoti za anthu a m'tauni n'zawo. Kuyambira tsiku limenelo palibe mwana amene waponda pakhomo panga.

Ndiye ndimajambula maungu. Ndawandanda pakhonde, lililonse ndi gulugufe wake. Dzungu ndi kasitomala wofatsa, siligwedezeka, silikanda burashi ikamayabwa. Koma silipemphanso galasi kuti lidzione. Masiku ena ndimadzijambula ndekha, n'kusukusula msanga anthu asanandione. M'nyumba muno muli zii, achemwali. Ndimasungulumwa kwambiri.

Loweruka ndinapita ku Chimbiya kukagulitsa kachewere, utoto uli m'chikwama. Mayi wina ankadikira minibasi ndi mwana wake wamkazi, ndipo analola kuti ndimujambule mwanayo. Ndinamugwira chibwano, iye n'kutsinzina, mpweya wake wofunda ukundifika padzanja. Koyamba gulugufe anatuluka wofanana mbali zonse. Nditafunsa zaka za mwanayo, mayi ake anati zisanu ndi ziwiri, chimodzimodzi Tiwonge wanga.

Pamenepo burashi inandipulumuka. Nkhope ija inali itadzaza chikhatho changa chonse. Ya Tiwonge ndimaikumbukira ili kachinthu kakang'ono, monga inalili pamene munamutenga maliro a bambo ake atatha. Sindidziwa kuti mwana wanga wakula bwanji.

Sindikukudandaulani ayi. Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo inu mwamudyetsa, mwamulowetsa sukulu, nthawi imene ine ndinalibe ndi mphamvu yomwe yodzuka pamphasa. Koma tsiku lija ndinakuimbirani foni, anayankha ndi iyeyo, ndipo ndinamumva akukuitanani kuti amayi, a Jenifa akukufunani. Mutailandira foniyo, tinangokamba za feteleza. Zinandiwawa, ndipo mpaka lero zikundiwawabe.

Pempho langa ndi ili. Akatsekera sukulu, mumukweze basi abwere kuno, ngakhale sabata imodzi yokha. Sindikufuna kukulandani. Ndidzamuchingamira ku Chimbiya, ndipo ndidzamubweza ndekha. Mundiuzenso mtundu wa utoto umene amaukonda, poti ngakhale zimenezo sindidziwa, kuti ndisauthere pa maungu. Akadzakana kujambulidwa palibe kanthu. Ndidzangomugwira chibwano, ndimuyang'ane.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Ambuye akusungeni, akubwezereni zonse zimene mwandichitira. Kalatayi mukaiwerenga, mumuonetse mwanayo dzina lili m'munsimu.

Ndine mng'ono wanu,
Jenifa, make Tiwonge