Mikisa ya mabowo awiri

Lachinayi, mwezi wa Juni. Kwazizira tsiku lonse, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Ndinapita m'tauni kukafuna mikisa yotsika mtengo, makina ophatikizira mawu a oimba, yoti ndijambulire kunyumba nyimbo zimene bambo amaimba ndi anzawo atatu akutchalitchi. Kuno ku Mabutweni atsala okha ozidziwa m'Chichewa. Ana anga amangomva, kuimba sangathe.

Wogulitsa anandionetsa ziwiri, ina yolowa maikolofoni anayi, ina awiri. Anafunsa m'Chindebele kuti oimba ndi angati, ine n'kuyankha kuti anayi. Atayamba kukulunga ya anayiyo m'pamene ndinakumbukira kuti mwa anzawo a bambo aja, a Phiri tinawaika pa Isitala, ndipo a Banda sitiroko inawatseka pakamwa. Ndinatenga ya awiri. Ukaikweza imalira ngati njuchi, komabe ndi yomwe ndingathe.

Kunyumba ndinapeza magetsi atazima. Bambo anaitembenuzatembenuza akutsokomola, chala chikupapasa mabowo olowetsa maikolofoni.

"Awiri basi?"

"Eya bambo, inu ndi a Mwale."

"A Mwale awagoneka kuchipatala masana ano. Ukanangogula ya bowo limodzi, mwanawe."

Iwo anaseka, ine ayi. Mawa magetsi akayaka ndiwajambula okha, chifuwacho chikalola.