Apongozi Anga Akundichiritsira Makasitomala Onse

Aphungu,

Ine amene ndasayina pansipa, nzika yomvera malamulo, ndalemba kalatayi modzichepetsa pofuna kutula nkhawa yanga pamaso panu.

Boma litaloleza chamba, ndinazula chinangwa m'munda mwanga ndi kutsegula sitolo pafupi ndi msika, nditatenga chiphaso mwadongosolo. Akuluakulu a khonsolo atalamula kuti fungo lisatuluke panja, ndinamata mazenera. Atati chikwangwani chikukopa ana, ndinafufuta tsamba lobiriwira limene linali pamenepo. Kenaka kunabwera Mayi Wilaiwan, oyendera masitolo, nati: "Kuyambira lero chamba ndi mankhwala. Wogula aliyense ayambe waonedwa ndi sing'anga wovomerezeka, apo ayi titseka."

Mwamwayi, kapena mwatsoka, apongozi anga aamuna, a Thongsuk, ali ndi satifiketi ya mankhwala azitsamba. Mkazi wanga Lamduan anati: "Mukafunenso wina wa chiyani? Bambo akungokhala pakhomo kukangana ndi nkhuku."

Aphungu, mkuluyu amapima zenizeni. Amagwira mtsempha wa pamkono, kuyang'ana lilime, ndi kufunsa za kuchimbudzi pamaso pa anthu. Wakabaza wina atadandaula kuti tulo sitibwera, iwo anati: "Tibwera bwanji ukumwa khofi wa m'ndowa? Zipita, mwana iwe, sukudwala." Mzungu wina wodandaula msana anamugoneka pamphasa ndi kumuponda ndi chidendene mpaka msanawo unalira, ndipo mzunguyo anatuluka ataphatikiza manja pachifuwa kuthokoza, osagula kanthu.

Nditawadandaulira mwaulemu, anandiyankha kuti: "Akamwini, lamulo lati odwala. Ndipezereni wodwala." Chiyambireni ntchitoyi alembera chamba munthu mmodzi yekha, mayi wachikulire wa nyamakazi, amenenso anamupatsa chaulere poti anali mnzawo wa malemu akazi awo.

Pakali pano mzere umayamba m'mawa, koma onse amadzera kupondedwa msana ndi kumwa tiyi wa jinja, pamene chamba changa chikuchita nkhungu m'mabotolo. Mayi Wilaiwan analengeza pamsonkhano kuti ndife sitolo yachitsanzo m'tauni muno, ndipo iwonso amabwera Lachisanu lililonse ndi phewa lawo.

Mnzanga wandiuza za sing'anga wina amene amalemba makalata ogulira chamba pafoni osaona munthu. Koma ndikachotsa apongozi, mkazi wanga wati apita nawo limodzi. Ndikawasunga, malonda anga afa. Potero ndikupempha kudziwa: malamulo akuti chiyani pa nkhani yochotsa mpongozi ntchito?

Ine wanu womvera,
P.K., Sakon Nakhon

A P.K.,

Pepani, koma ndaseka. Anzanu amandilembera akulira kuti agwa chifukwa chophwanya lamulo. Inu ndinu woyamba kugwa chifukwa cholitsata.

Malamulo sanena kanthu za mpongozi, koma mkazi wanu wanena kale, ndipo chigamulo chake chilibe apilo.

Tsono tsegulani maso. Mukuti malonda afa pamene anthu akupanga mzere pakhomo panu? Afa ndi amene munkawalota aja. Gulani mphasa zina, lembani pakhoma mtengo wa kuponda msana ndi wa tiyi, ndipo mukambirane ndi mkuluyo za kagawidwe ka ndalama mkazi wanu ali pomwepo. Chamba chankhungucho tayani, musapatse munthu. Sungani chochepa chabwino cha odwala enieni. Alipo, ndipo mayi wa nyamakazi uja adzauza anzake. Kumunda nako bwezeraniko chinangwa mbali ina, poti sindinamvepo khonsolo itakhala pansi kukambirana za chinangwa.

Chenjezo langa nali: sing'anga wa pafoniyo mutalikireni. Zikadzavuta adzangozimitsa foni, ndipo wotsala ndi makalata ake m'manja adzakhala inu. Komanso musanachite chilichonse, ganizirani nkhope ya Mayi Wilaiwan Lachisanu limene adzafike ndi phewa lawo n'kupeza apongozi anu kulibe.

Aphungu